Mutu 6: Muvi Wotembenuzidwa

1. Lamulo la miyala

Chipinda cha masikawuti chinali kuseri kwa sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa matayala akutha ndi mpope umene sunkatseka. Mkatimo munkanunkha zingwe zonyowa ndi utoto wakale. Mvula ikagwa, denga linkadontha pakona penipeni pamene ankasungira matenti. Komabe ana a m'deralo ankachikonda chipindacho kuposa pabalaza pa kwawo.

Loweruka limenelo kunacha ndi mitambo yakuda bii. Kamphepo, mtsikana wotsogolera kagulu ka Njuchi, anafika ali wefuwefu, sikafu itapendekera paphewa. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha liwiro: umuone apa, kuphethira kamodzi ali uko. Anali mwana wabwino ndithu, tisamunamizire. Vuto lake linali limodzi, kugonja ankadana nako koopsa.

Anapeza mlongo wake wamkulu atafika kale, akutolera timiyala m'thumba.

"Achimwene, lero ndiye mwatchena! Nsapato mpaka kupolisha? Kodi pali amene mukufuna akuoneni?"

"Choka apa iwe," anatero mnyamatayo akuseka. "Konza sikafu yakoyo, ikuoneka ngati sanza yokolopera."

Mnyamata ameneyu anataya zaka zingapo kudepoti ya mabasi, kuitanira okwera, kugona m'mabasi akufa, kumwa chilichonse chimene anzake amupatsa. Mpaka pano anthu ankamutchabe Wakudepoti. Amene anakamutola kumeneko anali Mayi Wenzulo, telala wotsogolera gulu lonse, amene wenzulo sankachoka nayo m'khosi. Anamuveka sikafu, anamuphunzitsa mfundo za zingwe, ndipo mowa anausiya.

Makolo ambiri sanakondwe nazo. Apampando a komiti ya makolo, amenenso anali eni sitolo ndi chipindacho, ananena poyera kuti mnyamatayo akadzangolakwitsa kanthu kamodzi, adzatuluka. Bambo ake nawonso, munthu wowotcherera zitsulo wosachulutsa mawu, anali atamuuza kuti akadzachotsedwa kumasikawuti asadzagogodenso pakhomo pawo. Choncho sikafu ikanamuchoka m'khosi, kotsala kopita kunali kudepoti komwe kuja.

Tsiku limeneli anali atapatsidwa ntchito yaikulu koyamba, yotsogola yekha n'kuika zizindikiro za ulendo. Masewerawo amayenda chonchi. Mmodzi amapita patsogolo n'kumasiya zizindikiro pansi. Muvi wa timiyala umati pitani uku. Timitengo tiwiri topingasa timati njira iyi ayi. Timagulu timanyamuka motsatizana, ndipo kamene kayenda nthawi yochepa kamatenga kambendera kofiira. Kambendera kameneko kanali katakhalitsa kwa Akadzidzi, kagulu ka Magalasi, mwana wamkazi wa Apampando. Zimenezi Kamphepo zinkamudya mumtima.

Mnyamata uja atanyamuka ndi thumba lake, Mayi Wenzulo anaika ana onse pamzere.

"Ana anga, tcherani khutu," anayamba motero. "Chizindikiro ndi pakamwa pa mnzako amene sali pomwepo. Iye wadutsa, waona, ndipo wakusiyira mawu pansi. Ukapeza muvi, usachite makani, tsata. Ukapeza timitengo topingasa, bwerera, ngakhale njirayo ikuoneka yosalala. Ife masikawuti timakhulupirirana, ndiye mphamvu yathu imeneyo. Koma chifukwa choti timakhulupirirana chonchi, pali lamulo lachiwiri lolemera kuposa loyamba. Chizindikiro sachikhudza. Phazi lako lisachigunde, dzanja lako lisachikonze, ngakhale ukuona ngati chapendekeka. Wobwera m'mbuyo mwako alibe womufunsa, akudalira timiyala timeneto. Ukasuntha mwala umodzi, wanamiza munthu amene sangathe kukutsutsa. Ndipo bodza limenelo silikhala lako lokha, limavala dzina la amene anaika chizindikirocho. Mwamva?"

"Tamva, Mayi!"

Kamphepo anayankha mokweza kuposa onse.

2. Pamphambano

Njuchi ndi zimene zinayamba kunyamuka. Muvi woyamba unali pafupi ndi galaja, wachiwiri pansi pa mtengo wa magetsi, wina pakona pa mpanda wa chipatala. Monga mwa chizolowezi chake, Kamphepo ankathamanga patsogolo yekha, kuwerenga zizindikiro yekha, n'kumakuwa kuti kumanja kapena kumanzere. Anzake ankangotsata msana wake, pansi osayang'ana n'komwe. Mayi Wenzulo anali atamudzudzulapo kangapo za khalidwe limeneli, koma iye ankangovomera pakamwa pokha.

Tsoka linayambira kuseri kwa chipatala. Lamba wa nsapato ya mtsikana wina anaduka, ndipo anaima kuti aimange ndi chingwe. Kenaka kunayamba kuwaza mvula, njira n'kuyamba kuterera. Akuwoloka njanji anamva nyimbo m'mbuyo mwawo. Anali Akadzidzi. Ananyamuka mochedwa, koma tamverani, ali pafupi kale, akuimba ngati akupita kokasewera.

"Fulumirani inu!" anakuwa Kamphepo. "Mukuyenda ngati mwasenza nyumba!"

Anawasiya m'mbuyo, nakhota yekha kuseri kwa fakitale ya sopo imene inatsekedwa kalekale. Kumeneko njira inagawikana. Ya kumanja inali yaitali, yokazungulira kumlatho wa simenti. Ya kumanzere inali yachidule, yotsikira kukamlatho ka matabwa kowolokera ngalande yaikulu.

Muvi unaloza kumanja. Panjira ya kumanzere panali timitengo topingasa, tomangidwa pakati ndi chingwe, totsindiridwa ndi mwala kuti tisasunthe. Mlongo wa Kamphepo anali atagwira ntchito mosamala, abale.

Kamphepo anacheuka. Anzake anali asanatulukire pakona ya mpanda. Nyimbo ya Akadzidzi inkamveka pafupipafupi.

"Akafika pakamlathopo aona okha kuti ndi powola, abwerera," anadziuza choncho. "Nthawi idzakhala itawathera."

Sanaganizenso china. Anagwada, nachotsa mwala uja, naponya timitengo muudzu wautali. Kenaka ndi zala ziwiri anasuntha timiyala ta kumutu kwa muvi mpaka unaloza kumanzere. Kalanga ine, ntchito yoipa sichedwa kutha! Anzake potulukira anamupeza ataima panjira ya kumanja akuwakodola.

"Kuno! Thamangani!"

Onse anadutsa chothamanga, ndipo panalibe anayang'ana pansi.

3. Mungalande

Ulendowo unkathera pabwalo la mpira, pansi pa thanki ya madzi. Njuchi zinafika zitanyowa, zikusekerera. Mlongo wa Kamphepo anali pomwepo pamodzi ndi Mayi Wenzulo, nkhope ili mwee.

"Wathamanga, mlongo wanga," anatero akumusisita pamutu. "Zizindikiro zanga zinali bwanji? Zimaoneka?"

"Zimaoneka, achimwene."

"Ndinadziwa! Lero Apampando asowa chonena."

Anadikira Akadzidzi. Mvula inakula. Anadikirabe. Kuseka kuja kunayamba kuzilala, ndipo Mayi Wenzulo ankangoyang'ana kunjira, dzanja lili pachipumi. Mwadzidzidzi kunamveka kulira kwa wenzulo kuchokera kufakitale, kodukizadukiza, kosalekeza. Sikawuti aliyense amakudziwa kulira kumeneko. Ndi kwa ngozi.

Mnyamata uja anatola chingwe n'kuliyatsa liwiro, ena onse pambuyo pake.

Zimene anapeza zinali zomvetsa chisoni. Pakati pa kamlatho panali chibowo, thabwa lothyoka likulendewera. Pansi mungalande, m'madzi akuda ofika m'chiuno, munali Magalasi atatsamira khoma, magalasi ake atasowa, mwendo utapindika mosayenera. Sankalira mokweza, ankangobuula. Ana a kagulu kake anali ataunjikana m'mphepete, ena akulira.

"Munakwerapo bwanji pamenepa?" anafunsa Mayi Wenzulo. "Maso mulibe? Simunaone kuti matabwawa ndi owola?"

"Tinaona, Mayi," anayankha wachiwiri kwa Magalasi akusisima. "Ine ndinati tibwerere. Koma iye anati muvi waloza kuno, ndiye kuti woika zizindikiro wadutsapo, ndi polimba. Anati sikawuti sachita makani ndi muvi. Ndiye anayamba yekha, poti mtsogoleri ndiye amayamba."

Mlongo wa Kamphepo sanadikire kumva zonse. Anamanga chingwe kumtengo, natsikira m'madzi onunkhawo ndi nsapato zake zopolisha zija. Anaumanga mwendowo kundodo ndi sikafu za ana, monga anaphunzirira. Pamwamba ena anavula malaya, nalowetsa ndodo ziwiri m'mikono yake, machira n'kupangika. Anamutulutsa pang'onopang'ono. Ntchito inayenda mwadongosolo ndithu, koma panalibe woyamikira.

Atanyamula machira kubwerera kumsewu, anadutsa pamphambano paja. Mnyamatayo anaima. Anayang'ana muvi woloza kumanzere. Anayang'ana pamene panali timitengo. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana mlongo wake kamodzi kokha. Kamphepo anawerama ngati akukonza chingwe cha nsapato.

4. Funso limodzi

Mawa lake masana makolo anadzaza chipinda cha masikawuti. Ena anakhala pamatenti opindidwa, ena anaima pakhomo. Pakona beseni linkalandira madontho a padenga. Masikawuti anakhala pansi, ndipo kambendera kofiira kanali pathebulo, popanda wokayang'ana.

Apampando anaimirira. Maso awo anali ofiira chifukwa anachezera kuchipatala.

"Ine sindinabwere kudzakalipa," anatero. "Mphamvu zokalipira ndilibe. Mwana wanga wagona uko, mwendo wathyoka moipa, ndipo adokotala sakulonjeza kuti adzayendanso bwinobwino. Mwana ameneyu sanagwe chifukwa chopulupudza. Wagwa chifukwa chomvera. Munamuphunzitsa kuti akhulupirire chizindikiro, ndipo anakhulupirira. Ndinanena ine, Mayi, kuti chifundo ndi chabwino, koma musachichitire pamiyoyo ya ana athu. Munthu akazolowera moyo wotayirira, manja ake amazolowera kuchita zinthu mwachisawawa. Mukhoza kumuveka yunifolomu, koma kusamala sikuvalidwa tsiku limodzi. Inu ana amene mwakhala pansipa, mvetsani. Ntchito imene anzako aikirapo moyo wawo siigwiridwa mothamanga. Lero ndi mwendo wa mwana wanga, mawa tidzanyamula maliro. Ndiye ndikuti, kapena mnyamatayu achoke, kapena mundibwezere kiyi wa chipinda changa."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Bambo a Kamphepo anali ataima kukhoma, chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi.

Mayi Wenzulo anakweza dzanja.

"Pepani, Apampando, chisoni chanu ndi chathu tonse. Koma tisanaweruze, ndifunse funso limodzi." Anatembenuka. "Kamphepo, imirira. Iwe ndiwe unayamba kufika pamphambano paja. Unapeza muvi utaloza kuti?"

Kamphepo anaimirira. Anaona maso ofiira a Apampando. Anaona chipewa cha bambo ake. Mlongo wake sankamuyang'ana, ankayang'ana zala zake.

Mawu oona anali pafupi, pakamwa penipeni. Akanangoti ndine, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mantha, abale, mantha ndi oipa.

"Sindinayang'ane pansi, Mayi," anatero motsitsa. "Njira ya kumlatho wa simenti ndimaidziwa kale. Ndinangodutsa."

"Ukunena zoona, mwana wanga?"

"Eya, Mayi."

Apo mnyamata uja anapuma mozama, naimirira.

"Musamuvutitse mwanayo," anatero. "Ndine ndinalakwitsa. Ndinkafulumira kuthawa mvula, ndiye ndinasokoneza kumanja ndi kumanzere. Timitengo ndinaiwala kuika."

"Iwe?" Mayi Wenzulo anamuyang'anitsitsa. "Iwe amene umabwereza mfundo imodzi mpaka zala kutupa? Taganiza bwino, mwana wanga. Ukudziwa chimene mawu akowa akugulira?"

"Ndikudziwa, Mayi. Pepani, ndakuchititsani manyazi."

Palibe anamuuza kuti avule. Anamasula yekha sikafu, naipinda bwinobwino pabondo, naiika pathebulo pafupi ndi kambendera. Anapepesa kwa Apampando atagwira manja kumbuyo, natuluka. Anthu a pakhomo anamupatukira msanga ngati ali ndi nthenda.

Mayi Wenzulo anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ana anawaona akupukuta misozi.

5. Kumsewu

Kunyumba bambo awo sanakweze mawu. Anangoima pakhomo la chipinda cha mnyamatayo.

"Ndinakuuza," anatero. "Ine mawu sindibwereza."

Mayi awo analira, anachonderera, koma sizinathandize. Dzuwa lisanalowe mnyamatayo anali ataika malaya ake ndi bulangete m'chikwama. Nsapato zija zinali zisanaume, ndiye anazimangirira kunja kwa chikwama, navala patapata.

Kamphepo anamutsatira mpaka kumsewu waukulu. Ankayenda pambuyo pake, osadziwa poyambira.

"Achimwene."

"Bwerera kunyumba, kukubwera mvula."

"Achimwene, ine ndi amene…"

"Ndikudziwa." Anaima, koma sanakalipe, ndipo zimenezi ndi zimene zinamupweteka kwambiri Kamphepo. "Timitengo tija ndinamanga ndekha, ndinatsindira ndi mwala. Galu sangachotse, mvula singachotse. Ndipo muvi sutembenuka wokha."

"Ndiye munavomereranji? Bwanji simunanene?"

"Ndinadikira kuti unene ndiwe. Mayi Wenzulo atakufunsa paja, mtima wanga unati, mlongo wanga anena. Sunanene." Anasintha chikwama phewa. "Ndiye ndikanatani? Ndikuloze chala pamaso pa anthu onse aja? Pamaso pa bambo? Iwe uli ndi sukulu, uli ndi dzina labwino. Ine anthu anandizolowera kale. Kukhulupirira kuti ndalakwa sikunawavute, unaona wekha."

Kamphepo analira mosadzigwira, pamsewu pomwepo, anthu akudutsa.

"Ndikanena, achimwene. Ndipita pompano."

"Ukanene chiyani tsopano? Kuti unanama kawiri? Ndiye kuti tonse awiri tatha, ndipo Mayi Wenzulo alandidwa chipinda chifukwa cholera ana abodza. Khala chete, uwerenge. Koma chinthu chimodzi, mlongo wanga. Kambendera kaja usakakhudze. Ndikadzakuona utakanyamula, sindidzakulankhulanso."

Anawoloka msewu. Kamphepo anaima pomwepo n'kumamuona akulowa pachipata cha depoti. Anyamata amene anakhala pabasi yakufa anamuzindikira, nayamba kukuwa mokondwa.

"Abusa abwera! Yunifolomu mwaisiya kuti, abusa?"

Mmodzi anamusunthira malo. Wina anamupatsa botolo. Mnyamatayo analiyang'ana kanthawi, kenaka analandira.

Kamphepo anabwerera akukoka miyendo. Atafika pageti ya kwawo anapeza Mayi Wenzulo ataima ndi ambulera, nsapato zili matope okhaokha.

"Ndikuchokera kuchipatala," anatero. "Magalasi wayamba kulankhula. Akuti pali chimene anaona muudzu pamphambano paja, koma wakana kuuza bambo ake, wakananso kundiuza ine. Akufuna iwe, mawa ukaweruka kusukulu, ndipo akuti ulowe wekha."

Kamphepo anaima pamvula, dzanja lili pageti.

Mayi Wenzulo anasendeza ambulera kuti imufunditse nayenso, namuyang'ana m'maso.

"Ndidzakuperekeza mpaka pakhomo la wodi. Koma mwana wanga, tisanafike kumeneko, kodi palibe chimene ukufuna kundiuza ine?"